Mapu anga a dongo, sabata yachisanu ndi chiwiri: Luapula wayenda

Loweruka ndinamaliza mbali ya kumpoto ya mapu a Zambia amene ndikuumba ndi dongo kuseri kwa nyumba kuno ku Chilenje, mu Lusaka. Ndinathira madzi ndi ketulo pa zitunda za kufupi ndi Mbala, komwe kumayambira mtsinje wa Chambeshi. Anatsetsereka chakummwera cha kumadzulo mpaka m'madambo a Bangweulu, n'kutulukamo ngati Luapula, kenaka n'kukhota kulunjika kumpoto kukathira m'nyanja ya Mweru. Masabata atatu apitawa madzi ankangodikha pokhota pomwepo. Ndinachita kupala dongo ndi supuni pang'onopang'ono kuti ku Mweru kutsike.

Mdzukulu wanga ankaonerera atanjuta pambali. Anafunsa kuti, "Agogo, madzi akukwera bwanji kumtunda?" Ndinamumvetsa, chifukwa pa mapu a kusukulu kumpoto kumakhala pamwamba, ndiye mwana amaganiza kuti mtsinje uliwonse uyenera kutsikira kummwera. Ndinamugwiritsa dongo ndi dzanja lake kuti amve yekha kuti ku Mweru n'kotsika kuposa ku Bangweulu. Madzi amangotsata kotsika basi. Ndinamuuzanso kuti madzi a Luapula amadzera mu Luvua n'kukalowa mu mtsinje wa Congo mpaka kunyanja ya Atlantic, pomwe Zambezi, amene gwero lake lili kufupi ndi Kalene, m'malire ndi dziko la Congo lomwelo, amayenda makilomita opitirira 2,500 kukathira ku Indian Ocean. Chimene chimalekanitsa madzi awiriwa ndi mtunda wautali wotsata malire athu ndi Congo kumpoto chakumadzulo, n'kupitirira m'kati mwa Zambia kulowera kumpoto chakummawa, ndipo pa mapu anga ndauumba ngati mzere wa m'munda.

Amene akundisowetsa tulo ndi Kafue. Amachokera ku Copperbelt n'kumatsikira kummwera, koma akafika ku Itezhi-Tezhi amatembenukira kummawa, n'kudutsa m'chigwa chathyathyathya cha Kafue Flats asanagwere mu Kafue Gorge ndi kukakumana ndi Zambezi kufupi ndi Chirundu. Chigwa chimenechi n'chovuta kuumba. Ndikachipendeketsa kwambiri madzi amathamanga ngati m'ngalande, ndikachisalaza amabwerera m'mbuyo. Akatswiri ena a miyala amati kalekale Kafue ankapitirira kummwera chakumadzulo, nthaka itakwera ndiye anatsekeredwa n'kupeza njira yatsopano. Nditaona madzi anga akusefukira m'mbali kufunafuna potulukira, ndinayamba kuwakhulupirira.

Lusaka ndamuika pa kachitunda, poti mvula yogwa mumzinda muno imagawikana: ina imapita ku Ngwerere ndi Chongwe, ina ku Chunga ndi Mwembeshi mpaka mu Kafue.

Sabata yamawa ndiyamba chigwa cha Luangwa, kuchokera kumapiri a Mafinga. Dongo latsala ndowa imodzi yokha, ndipo ndiyenera kupeza pulasitiki yofundikira mvula ya Novembala isanagwe.