Amsterdam mpaka London maminitsi 20, ati

Abale inu, tiketi ya ndege muziiwerenga ndi munthu wina pambali. Yanga yobwerera ku London kuchoka ku Amsterdam inalembedwa kunyamuka 14:00, kufika 14:20. Ine kungoona choncho ndinajambula nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya kwathu kuti taonani azungu, makilomita pafupifupi 370, kuposa Lilongwe Blantyre, maminitsi 20 basi. Achimwene anati ndiye ndege yakeyo ndi ya ufiti, ine nkuwauza kuti achimwene musamatsutse zinthu zoti simunakwerepo. Popita tiketi inkati maola awiri ndi maminitsi 20 koma ndinagona njira yonse, ndiye ndinkangoti mwina popita ndi chitunda, pobwera nkutsetsereka.

Pa Schiphol, bwalo la ndege la ku Amsterdam, msuweni wanga anandigulira khofi wa kapu yaikulu ija, mkati ine nkuwonjezera timowa tiwiri poti ndinafika molawirira. Pomwe amatiitana kuti tikwere chikhodzodzo chinali chitayamba kale kulankhula, koma mzere wa kuchimbudzi unali wautali ndiye ndinati aaa, maminitsi 20 mwamuna mzima angalephere kupirira? Ndikataya madzi ku London.

Mpando wanga wa pawindo, pambalipa agogo awiri achizungu, mayi ndi bambo. Ndege inayamba kuyenda pansi, kuyenda, kuyenda, kuwoloka pamwamba pa msewu wa magalimoto, minda mbali zonse, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ku London tipita chapansi. Kumeneko kuli msewu wonyamukira ndege wotchedwa Polderbaan, uli makilomita ngati 5 kuchoka pomwe timakwerera, ndege imatha kotala ya ola ikungokwawa kuti ikafike. Foni kuonetsa 14:20 ife matayala adakali pa dothi la Netherlands.

Tili m'mwamba woyendetsa ndege anatipatsa moni bwinobwino, nkunena kuti tiuluka maminitsi ngati 50, ndipo tisaiwale kubweza mawotchi chifukwa London ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Thukuta kamu! Ola lonse lathunthu linangobisala pa tiketi paja.

Kuti ndidzuke, agogo aakazi agona, mutu uli paphewa langa. Atadzidzimuka, ngolo ya zakumwa yatseka kanjira, mtsikana wake akundifunsanso mwaulemu ngati ndingamwe tiyi. Tiyi, ine? Ngolo kungochoka, kanyali ka lamba nkuyaka, tayamba kutsika. Ndinati ndiyang'ane panja kuti ndiiwale, pansi pali North Sea, madzi okhaokha abale. Kufika pamwamba pa London sitinaterenso pompo, tinayamba kuzungulira kudikira mpata poti pa bwalo la Heathrow ndege zimachita kufola, ine miyendo nditaipinga, ndikuimba nyimbo ya kwaya chamumtima, ndime zonse.

Chitseko kungotseguka ndinadumpha agogo aja ngakhale pepani osanena, liwiro m'makonde ataliatali aja mpaka chimbudzi choyamba. Zomwe zinachitika mkatimo zisiyeni, koma ndinatuluka ndikumwetulira ndekha, manja lendelende, opanda kanthu. Chikwama! Chatsala mu ndege, m'kabati ya pamwamba, pasipoti ili momwemo.

Ndikuti nditembenuke, ndikuona agogo aamuna aja ataima pakhomo pa chimbudzi, chikwama changa chili m'manja. Anati mwana wanga, mmene umavinira pampando paja tinadziwa kuti tikupeza kuno.