Hot tub ndi chisanu cha ku Leeds

Usiku wathawu cha m'ma 10, kuno ku Leeds, ku England, kunja kuli minus 3, ine phee mu hot tub, bafa lalikulu lotenthetsa madzi ndi magetsi, m'madzi a madigiri 38 kuseri kwa nyumba, nthunzi ili tolo. Abale inu, zokoma! Koma potuluka, mamita asanu okha kukafika pakhomo, ndinathamanga ngati ndaba nkhuku. Thaulo lonyowa lomwe ndinaiwala pampando ndalipeza m'mawa lili gwa ngati chikumba.

Chikundiwawa ndi magetsi. Sabata yatha ndinkafuna kuzimitsa hot tub kuti ndipumeko, koma aneba, agogo ena achizungu, anandiletsa. Akuti madzi akaundana m'mapaipi amafufuma, paipi n'kung'aluka, pampu n'kufa. Ndiye kaya ukhuthule madzi onse mpaka dontho lomaliza, kaya uisiye yoyaka usana ndi usiku, chivundikiro chili chotseka bwino. Ndinasankha chachiwirichi, mita ikungothamanga ngati minibasi ya ku Ndirande.

Lero ndayeza madzi ndi kapepala koyezera, pH (muyeso wa asidi m'madzi) yakwera mpaka kudutsa 7.8. Ndathiramo mankhwala, fyuluta ndatsuka pampopi wapanja mpaka zala kuchita dzanzi. Inu amene mumabwera Loweruka kudzaviika miyendo, ulendo uno mubwere ndi klorini, osati Fanta yekha.