Ulendo wa ku Minack, bwalo la zisudzo la pathanthwe ku Cornwall

Kuchokera ku London, sitima yapamtunda imayenda pafupifupi maola 5 kuti ifike ku Penzance, kumene njanji imathera, ndipo kuchoka pamenepo ndinakwera basi yodutsa m'timisewu topapatiza mpaka ku Porthcurno, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwenikweni kwa Cornwall, dera la kummwera chakumadzulo kwa England. Chimene chinandikokera kutali konseko ndi bwalo la zisudzo la Minack, lomwe lilibe denga ndipo linamangidwa pathanthwe lotsetsereka loyang'ana nyanja.

Bwaloli linayamba ndi anthu wamba. Mu 1929 anthu a m'midzi yozungulira anachita sewero la William Shakespeare lotchedwa A Midsummer Night's Dream padambo lina chapafupi, ndipo pamene anafuna kuchita The Tempest, sewero lomwe limayamba ndi namondwe panyanja, Mayi Rowena Cade anawapatsa malo kumunsi kwa nyumba yawo. Mayiwa pamodzi ndi wosamalira dimba lawo, Bambo Billy Rawlings, anasuntha miyala ndi dothi pamanja mpaka seweroli linachitika mu 1932, nyali za galimoto zikuthandiza kuwalitsa bwalo. Mayi Cade sanalekere pomwepo. Kwa zaka zambirimbiri ankasenza mchenga m'matumba kuchokera kugombe, n'kuusakaniza ndi simenti, ndipo anapitiriza ntchitoyi mpaka atakalamba. Anamwalira mu 1983. Ndinayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando ya simentiyo ndikuwerenga mayina a masewero ndi zaka zake, zomwe zinalembedwa simenti isanaume.

Madzulo ake kunali sewero lina la Shakespeare, ndipo olichita anali gulu la anthu omwe salandira malipiro pa zisudzo, monga momwe magulu otere ochokera m'madera osiyanasiyana a Britain amachitira pabwaloli chilimwe chilichonse. Kuchita sewero pamalo amenewa si nkhani yamasewera, chifukwa mphepo imalanda mawu, mafunde akuwomba pansi, mbalame za kunyanja zikulira pamwamba, kotero wosewera ayenera kutchula liwu lililonse momveka bwino komanso kulankhula ndi thupi lonse. Ena mwa iwo mawu ankawathera panjira, koma zinkaoneka kuti aliyense akumvetsa chimene akunena, ndipo kwa ine chimenecho n'chofunika kuposa zovala zokongola. Ambiri a ife tinakumana ndi Shakespeare kusekondale ku Malawi, tikuloweza mizere yake kuti tikhoze mayeso, koma apa ndinaona ana aang'ono akuseka pamalo oyenera popanda wowamasulira.

Wofuna kupitako agule tikiti nthawi ikadalipo, avale nsapato zolimba popeza masitepe ake ndi otsetsereka kwambiri, ndipo atenge bulangete, kotsamira ndi chovala cha mvula, chifukwa kamvula kowaza sikaimitsa sewero ku Minack.