Lipoti la ulendo: nkhondo ikavuta pa raundi yachiwiri

Loweruka lapitali ife a kalabu ya masewera a nkhondo ya tizidole tinakacheza kwa anzathu a kalabu ina, amene anatiitana kalekale kuti tikayesane mphamvu. Ndalemba izi makamaka poganizira mamembala amene sanathe kupita nawo. Tinanyamuka mbandakucha, aliyense atafungatira bokosi lake pamiyendo, poti asilikali amene munthu wawapenta miyezi yambirimbiri sungawasiye kuti azigubuduka kumbuyo kwa galimoto.

Tinapeza matebulo atayalidwa kale, mabwinja a pulasitiki ali m'malo mwake. Tinasewera Warhammer 40,000, masewera amene kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham inatulutsa koyamba mu 1987, ndipo tinatsata malamulo a mu 2023: aliyense asilikali a mapointi 2,000, tebulo la mainchi 44 m'lifupi ndi 60 m'litali, maraundi asanu. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ulendo uno kalumo tinakapeza kwa eni nyumba.

Zambiri zinachitikira pa tebulo la pakona. Mnyamata wina wamng'ono wa kalabu yathu amasewera ndi gulu lankhondo la ma Ork, ndipo anakumana ndi bambo wina wachikulire wosewera ndi gulu lankhondo la Astra Militarum, amene anandandalitsa akasinja a Leman Russ kumbuyo kwa mabwinja. Pomwe raundi yachiwiri imatha, theka la ma Ork linali litabwerera m'bokosi. Mnyamatayo anangoti kakasi, tepi yoyezera ili m'manja, kenako n'kuyamba kukankhira onse otsala kutsogolo, molunjika kumene kunali mizinga. Tonse timakudziwa kupsa mtima kotereku: wandiphera anga, nanenso ndikuphere ako.

Bambo aja anakweza dzanja. "Achimwene, taimani kaye. Mukuwerenga chiyani, maliro kapena mapointi?"

Anamutengera ku pepala la zigoli. M'mipikisano yambiri yotsata malamulo a mu 2023 mapointi achipambano amathera pa 100: 50 ogwira malo olimbirana, 40 a ntchito za pamakadi, ndi 10 ongobwera ndi asilikali opentedwa. Kupha mdani kumathandiza, koma gawo lalikulu limapita kwa amene waima pamalo oyenera nthawi yowerengera ikakwana. Pa pepalapo mnyamata wathu anali atatsalira pang'ono chabe, ndipo maraundi atatu anali adakalipo. Chimene chinamugwetsa mphwayi ndi bokosi lodzaza lija, osati zigoli.

Kuyambira pamenepo anasewera mosiyana kwambiri, ndipo ambiri tinasiya matebulo athu kukaonerera. Malo olimbirana amakhala a yemwe asilikali ake, oima mkati mwa mainchi atatu, ali ndi nambala yaikulu ya Objective Control (mphamvu ya msilikali aliyense yogwirira malo) mukaphatikiza. Kasinja wa Leman Russ ali ndi 3, pomwe Ork wamba mmodzi ali ndi 2. Ndiye kuti tiasilikali tiwiri tokha tingalande malo kwa chikasinja chonsecho osaombera ngakhale kamodzi, bola kagulu kawo kasalephere mayeso a mantha amene kagulu kalikonse kotsala osakwana theka kamakumana nawo. Kakalephera, nambala ija imasanduka 0. Choncho anabisa kagulu kovulala kuseri kwa khoma pafupi ndi malo a kwawo, ndipo kagulu kamene kanali kathunthu ndi kamene anakatumiza pakati.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene anagwiritsira ntchito ma Gretchin, tiasilikali totchipa timene ambiri timangotinyoza. Anatindandalitsa pampata wa pakati pa mabwinja awiri. Kasinja sangadutse pamwamba pa adani poyenda wamba, ndiye bambo aja anataya raundi yathunthu akuchotsa tinthu topanda pake, asilikali awo osafika pamalo amene amafuna. Tiasilikalito tonse tinafa, inde, koma tinafa titagula nthawi.

Panalinso nkhani ya madayisi. Asilikali otsika kuchokera kunja kwa tebulo amaikidwa kupitirira mainchi 9 kuchokera kwa mdani, ndipo kuti amuthamangire n'kumufika pamafunika 9 kapena kuposa pa madayisi awiri. Zimenezi zimatheka m'njira 10 zokha mwa 36. Ukalipira Command Point imodzi, pointi yapadera yogulira thandizo m'kati mwa masewera, kuti uponyenso, mwayi umafika pafupifupi theka. Amene ali patsogolo alibe chifukwa choikira masewera ake pa mwayi wotere. Amene akutsalira ayenera kuyesa, chifukwa kusewera mosamala kumangomufikitsa bwinobwino ku kugonja. Mnyamata wathu anasunga pointi yakeyo mpaka raundi yachinayi, anaponya koyamba n'kulephera, anaponyanso madayisi n'kugwa 6 ndi 4. Chipinda chonse chinaphulika.

Sanapambane. Anagonja ndi mapointi ochepa kwambiri, atatsala ndi asilikali oti n'kukwana m'dzanja limodzi, ndipo bambo aja anamugwira chanza ataimirira.

Pobwerera m'galimoto munali mtsutso. Mkulu wina wa kalabu yathu anati kuimitsa masewera n'kulangiza mdani kumaononga mpikisano, munthu aziphunzira ndi kugonja kwake. Ine sindikugwirizana nawo. Pa mpikisano weniweni, chabwino. Koma tinapita kukacheza, ndipo mnyamatayo akanakankhira asilikali ake onse kumizinga, akanabwerako atangophunzira kuti akasinja ndi oopsa, zimene amazidziwa kale. Chimene chimandipweteka kwathu kuno n'chakuti timakonda kugwirana chanza pa raundi yachitatu zinthu zikangoipa, motero ambiri mwa ife maraundi awiri omaliza sitiwadziwa n'komwe. Anzathu aja salola zimenezo: masewera alionse amafika kumapeto, ndipo zigoli amazilemba pabolodi loti onse aziona raundi iliyonse ikatha.

Tinagwirizana kuti nafenso tiyambe kutero kuyambira pa kukumana kwathu kotsatira. Anzathuwo alonjeza kudzatiyendera, tsiku tidzalengeza komiti ikakambirana. Amene muli ndi mabwinja ndi mitengo yosapenta kunyumba, chonde bweretsani msanga, chifukwa matebulo athu ali ndi pobisala pochepa kwambiri poyerekeza ndi awo.