Miyala yanga ya garnet ndayamba kuiyeza pasikelo

Ntchito yosanja miyala yomwe ndimatola yasunthako mwezi uno. Yonse ya timaso tofiira ta garnet ndaipatula m'katoni yakeyake ndipo ndayamba kuiyeza, chifukwa funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere ndi loti kodi mwa imeneyi muli eclogite, mwala wolemera wobiriwira wokhala ndi timaso ta garnet, kapena ayi.

Kayezedwe kake nkosavuta, sikelo ya kukhitchini, kapu ya madzi ndi ulusi basi. Umayeza mwala uli wouma, kenako kapu ija umaika pasikelo nkubweza pa ziro, mwala nkuumanga ulusi nkuutsitsa m'madzimo osaukhudzitsa pansi, nambala yotulukayo ndiye kukula kwa mwalawo, kwatsala nkugawa kulemera kwake uli wouma ndi nambala imeneyi, ndipo yankho lake limathandiza kudziwa mtundu wa mwalawo. Chovuta ndi dzanja, likangonjenjemera manambala amavinavina, ndiye ulusiwo ndikumaumanga pa kandodo kopingasa pamipando iwiri. Wakuda uja ndinatola mumtsinje kwathu unalemera magalamu 212, m'madzi 71, ndiye pafupifupi 3.0, mwala wa amphibolite umenewo. Yotuwa yamizeremizere ija, ma gneiss, ikungosewera mu 2.7. Eclogite imafika 3.4 kapena kuposa, ndiye m'katoni mwanga mulibe ndi umodzi womwe. Ngakhale pa kagalasi kokulitsa zinthu zikuonekeratu, yanga yonse ili ndi timadontho toyera ta plagioclase, pomwe mu eclogite plagioclase amakhala atatheratu, garnet amakhala pakati pa zobiriwira zotchedwa omphacite.

Ena amandifunsa kuti mwala umodzi ukuufuniranji chonchi. Nkhani ndi yoti kawirikawiri eclogite poyamba umakhala mwala wa pansi pa nyanja yamchere, basalt kapena gabbro, ndiye chigawo cha nthaka chomwe wakhalapo chikamamira kunsi kwa chinzake umatengeka kupita pansi kwambiri, uko umafinyidwa mpaka kusinthiratu maonekedwe. Ukaupeza pamtunda ndiye kuti mwina pamenepo panatsekeka nyanja.

Ndipo sizakutali izi, kwa anansi athu ku Zambia, chigawo chapakati, eclogite ilipo. Timm John ndi anzake, kuphatikizapo Francis Tembo wa ku University of Zambia, anatulutsa zotsatira mu 2003. Anapeza kuti miyalayo inamira mpaka makilomita pafupifupi 90, koma kutentha kunangofika pafupifupi 700 digiri, komwe nkuzizira ndithu pa kuya koteroko, ndipo zimatero makamaka ngati chomiracho chinali chozizira kale. Atayeza zosakanikirana za mkati mwake zinafanana ndi basalt wotuluka m'mizere ya mapiri a pakati pa nyanja. Ine pamenepa ndi pomwe ndimakhutira, chifukwa kumira kokha sikukuuza kuti chinamiracho chinali chani.

Zaka zake anaziwerengera mu garnet yemweyo. Garnet akamakula amakonda kumeza chitsulo chotchedwa samarium kusiyana ndi china chotchedwa neodymium, ndiye samarium-147 amasanduka neodymium-143 pang'onopang'ono zedi, theka lake limatha pa zaka 106 biliyoni. Ukayeza garnet payekha ndi mwala wonse payekha, kusiyana kwake kumakupatsa nthawi yomwe garnet anakula, kutanthauza nthawi yomwe mwala unali pansipo. Iwo anapeza zaka 595 miliyoni. Nyanjayo inali pakati pa zigawo zakalekale za Congo ndi Kalahari, zomwe zinadzagundana pambuyo pake pomwe chimtunda chachikulu chakale cha Gondwana chimapangika. Lero Zambia alibe ngakhale gombe la nyanja yamchere, taganizani.

Zoyeza samarium nzamulabu ya mamiliyoni, ine sikelo yanga imalekera pa galamu imodzi, ndiye timiyala tating'ono sindikutiyeza, manambala ake sangadalirike. Chomwe ndayamba nkulemba mu kope pomwe ndatola mwala uliwonse, kulemera kwake komanso ngati muli plagioclase. Katoni ya miyala yakuda yopanda garnet ndiyo ikubwera pasikelo kumapeto a sabata ino, ndikagula batire la sikeloyo kaye.