Thumba la galu ndi kapaketi ka mphaka

Lolemba m'mamawa lole inafika kuchokera ku Lusaka, itayenda usiku wonse makilomita oposa 500 pamsewu wa Great East. Ine ndi anyamata awiri tinatsitsa katundu dzuwa lisanakwere. Ndimagwira ntchito mushopu yogulitsa mankhwala ndi zakudya za ziweto kuno ku Chipata, chakumunsi ku Down Shops, ndipo kuyala katundu ndi kulankhula ndi makasitomala ndiyo mbali yanga.

Matumba a chakudya cha agalu anatilemetsa misana, koma cha amphaka chonse chinakwana m'makatoni awiri omwe ndinanyamula ndekha. Kusiyana kumayambira pomwepo. Thumba la galu ndi lalikulu, limakhala pansi pafupi ndi khomo kuti munthu alikweze panjinga kapena m'galimoto mosavuta. Pathumba la Pedigree, lachikasu lija, pali galu wa maso owala ndi ubweya wonyezimira, ndipo mawu ake amakamba za mphamvu, mano ndi mafupa. Cha mphaka chimabwera m'timapaketi ta magalamu 85, ngati ta Whiskas tofiirira, ndipo chimene amalemba ndi zilembo zazikulu ndi kakomedwe: nsomba, nkhuku, msuzi. Opanga amadziwa kuti galu amadya chilichonse chimene wapatsidwa, pomwe mphaka amanunkhiza kaye, akakana wakana.

Lachiwiri anabwera atate ena a ku Kalongwezi amene amaweta agalu atatu olondera. Funso lawo linali limodzi: "Mwana wanga, thumba ili litha masiku angati?" Tinawerengera limodzi pakapepala, makapu angati patsiku kwa galu aliyense, ndipo anagula osanenerera. Ogula za agalu ambiri ndi otero. Galu kwa iwo ndi mlonda, ndiye kumudyetsa amakuona ngati kumulipira.

Lachitatu ndi limene landikhalabe mumtima. Amayi ena a ku Mchini analowa ndi mphaka m'katoni yoboola, akufuna mankhwala a njoka za m'mimba. Nditasuzumira ndinaona kanyama koonda, ubweya uli nyankhalala, nthiti zikuwerengeka. Ndinafunsa kuti amadya chiyani.

"Nsima yotsala ndi kamsuzi. Nanga si amagwira makoswe yekha?"

Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sindiwadzudzula amayiwo, chifukwa ndi mmene tonse tinakulira. Kwathu kumudzi mphaka ankagona pansi pa nkhokwe, palibe ankaganiza zomupatsa mbale. Koma thupi la mphaka si la galu. Galu angathe kukhala ndi moyo pa nsima yosakaniza ndi zina, pomwe mphaka analengedwa kuti azidya nyama basi. Munyama muli chinthu chotchedwa taurine, chimene galu amadzipangira m'thupi koma mphaka sangapange chokwanira. Chikasowa kwa nthawi yaitali, maso amayamba kufa ndipo mtima umafooka. Ngakhale zotsekemera, lilime la mphaka silizimva n'komwe. Ndiye chifukwa chake chakudya cha agalu sichiyenera mphaka, ngakhale chili chotsikirapo mtengo pakilo.

Ndinawauza amayiwo kuti ngati timapaketi tawakulira, aziviika kapenta m'madzi kuti mchere uchoke, kapena kuphika mitu ndi ziwindi za nkhuku, koma osaikamo anyezi, popeza anyezi amawononga magazi a mphaka ndi galu yemwe. Anandiyang'ana mokayika. "Akakhuta sasiya kugwira makoswe?" Ndinati ayi amayi, mphaka amasaka chifukwa ndi chibadwa chake, ndipo wamphamvu ndiye amalumpha bwino. Anatenga mankhwala awo ndi kapaketi kamodzi koyesera.

Lachinayi ndinakangana pang'ono ndi abwana pa nkhani ya mapositala. Mapositala amene amabwera ndi katundu amajambulidwa kunja: mphaka woyera atagona pasofa, mwini wake akumusisita. Munthu wa m'komboni ya Nabvutika akaona chithunzi chimenecho amati izi ndi za azungu, n'kudutsa. Enanso kuno amamuopa mphaka, amamuganizira za ufiti, makamaka akakhala wakuda, ndiye sungamuuze kuti amukonde ngati mwana. Ndinapempha kuti tilembe zathu m'Chinyanja. Ya agalu inali yosavuta: mlonda wokhuta sagona pantchito. Ya amphaka ndinailemba n'kufufuta kanayi, mpaka ndinakhazikika pa chimanga, poti miyezi ino anthu akolola ndipo matumba ali m'nyumba: dyetsani mphaka, makoswe asadye chimanga chanu. Abwana anavomera, ndipo akuti aganizira zokaiulutsa pa wailesi ya Breeze FM.

Lachisanu linatha ndi kuwerenga katundu. Ndinakumbutsanso aliyense wogula za agalu kuti pa 28 Seputembala ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse, apite nawo kukabayitsa katemera kwa a vetenale. Ambiri sadziwa kuti mphakanso amadwala chiwewe ndipo amafunika katemera yemweyo, ndiye ndinalemba zimenezi pakachikwangwani n'kupachika pamwamba pa timapaketi. Timapaketito ndinatichotsanso pashelefu yakumbuyo n'kutiika pafupi ndi potolera ndalama, pambali pa mankhwala a makoswe.

Loweruka cha m'ma 11 koloko kunabwera kamtsikana ka zaka ngati khumi, ndalama zili m'manja zopindapinda. Kanati amayi ake a ku Mchini akatuma timapaketi tiwiri, ta nsomba, chifukwa mphaka ananyambita mbale mpaka kuigubuduza. Ndinakafunsa ngati anyezi akuikabe m'chakudya chake. Kanapukusa mutu, kanati amayi tsopano amamupatulira kapenta asanathire zokometsera. Ndinakakulungira timapaketito m'nyuzipepala, ndipo kanathamanga kulowera ku Kapata.