Anapambana ndani ku Canossa?

Ambiri amati ku Canossa, linga la kumpoto kwa Italy, mu Januwale 1077, Papa Gregory VII ndiye anapambana mfumu ya ku Germany, Henry IV. Ine ndikukana. Mkangano unali woti mabishopu aziwasankha ndani, mfumu kapena papa. Mu 1076 papa anachotsa mfumu Henry IV mumpingo, ndipo akalonga a ku Germany anagamula kuti akhululukidwe chisanathe chaka chichotsedwereni mumpingo, apo ayi ufumu amulanda. Henry anawoloka mapiri a Alps m'chisanu, n'kuima masiku atatu wopanda nsapato panja pa linga la Canossa, la mfumu yaikazi Matilda wa ku Tuscany, momwe munali papa. Wansembe sabweza munthu wolapa, choncho Gregory anamukhululukira, akalonga aja n'kusowa pogwira. Akalongawo anasankhabe kalonga mnzawo Rudolf kukhala mfumu m'malo mwa Henry, koma Rudolf anafa ndi mabala a kunkhondo mu 1080. Mu 1084 Henry analanda Rome, ndipo Gregory anakafera ku Salerno, mzinda wa kumwera kwa Italy kumene anathawira, mu 1085.